Zaka 18 Pakati pa Mabuku Awiri: Luso la Ursula K. Le Guin

Buku lachitatu la nthano za Earthsea, The Farthest Shore, linatuluka mu 1972, ndipo linatha mmene nthano za ngwazi zimathera. Ged, mkulu wa amatsenga onse a m'zilumba za dzikolo, wapita kudziko la akufa, watseka khomo limene munthu wina wadyera anatsegula pofuna kuzemba imfa, ndipo pa ntchito imeneyo mphamvu zake zatheratu. Mnyamata amene anayenda naye ulendowo ndiye adzakhale mfumu. Chinjoka chakalekale chotchedwa Kalessin chamunyamula Ged pamsana, ulendo wa kwawo ku chilumba cha Gont. Chaka chotsatira bukulo linalandira mphoto ya National Book Award m'gulu la mabuku a ana. Owerenga ankafuna zina, ndipo wolemba wake, Mayi Ursula K. Le Guin a ku Portland m'dziko la America, anali ndi zaka 43 zokha. Buku lachinayi linatuluka mu 1990.

Wolemba nthano za mayiko opeka akakhwima pa ntchito amafanana ndi mlimi wa minda ingapo koma khasu limodzi: mvula ikagwa ayenera kusankha munda woyamba kubzala ndi wina wousiya tsala. Mayi Le Guin anali ndi mayiko atatu. Loyamba linali Earthsea, dziko la zilumba, mabwato, amatsenga ndi zinjoka zamapiko. Lachiwiri linali la nkhani zopeka za sayansi zokhudza anthu ochokera ku Hain amene anamwazikana m'mayiko a kutali m'mlengalenga, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera The Left Hand of Darkness mu 1969. Lachitatu linali Orsinia, dziko longoganizira la pakati pa Ulaya, lopanda matsenga alionse, limene anayamba kulilemba asanatchuke. Chimene chimandichititsa kuwagomera mayiwa ndi muyeso umene ankasankhira. Ankapita kumene kunali funso limene pa nthawiyo anali ndi mphamvu zoliyankha moona, ndipo dziko limene funso lake linali lowaposa ankalisiya lidikire, ngakhale likhale lokondedwa chotani.

Kuti timvetse funso limene linatsala ku Earthsea tiyenera kuona mmene dzikolo linamangidwira. Mu 1967 Herman Schein wa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku ya Parnassus Press ku Berkeley anawapempha kuti alembe buku la achinyamata. Iwo anajambula mapu a zilumba, nadzifunsa kuti amatsenga okalamba a ndevu zoyera amene timawapeza m'nthano anali otani ali anyamata, ndipo anaphunzira kuti. Yankho lake ndi A Wizard of Earthsea, buku la mu 1968. Ged ndi mnyamata woweta mbuzi, wa khungu lofiirira, amene apita kusukulu ya amatsenga pa chilumba cha Roke. Matsenga a kumeneko agona pa lamulo limodzi: chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wodziwa dzinalo ali nacho mphamvu. Koma kusintha kanthu kamodzi kumagwedeza zinthu zonse, motero wamatsenga wanzeru amachita zochepa. Ged, chifukwa cha matama a unyamata, atulutsa chithunzithunzi choopsa chimene chimusaka m'nyanja zonse, mpaka tsiku limene atembenuka n'kuchitchula dzina lake lomwe la iye mwini. Buku lachiwiri, The Tombs of Atuan, la mu 1971, ndi la Tenar, mtsikana amene anachotsedwa kwa makolo ake ali ndi zaka 5 kuti akhale wansembe wa mizimu yopanda mayina. Anamulanda ngakhale dzina. Ged alowa m'njira zamdima za pansi pa manda amene mtsikanayo amayang'anira, Tenar amutsekera momwemo, ndipo pamapeto awiriwo atulukamo limodzi.

Mabuku atatuwa ndi okongola, ndipo mawu ake amayenda mwaulemu ngati a munthu wosimba mbiri ya makolo. Koma muli chinthu chimene wolemba anachilandira kuchokera ku nthano zakale osachifunsa. Sukulu ya ku Roke ndi ya amuna okhaokha. Amayi amene ali ndi mphamvu m'buku loyamba ndi ochepa, ndipo oonekera kwambiri ndi awiri: mayi wina wachibale wa Ged, wodziwa timatsenga ta m'mudzi koma wosamvetsa kuya kwake, ndi mkazi wina wokongola amene amafuna kumukola. Muli ngakhale mwambi wa anthu a ku Gont wonyoza matsenga a akazi kuti ndi ofooka ndiponso oipa, ndipo palibe m'bukumo amene amautsutsa. Tenar naye, atatuluka mumdima, nkhani yake ithera padoko la mzinda waukulu wa Havnor. M'buku lachitatu sakuonekamo. Mtsikana amene anali ndi buku lonse lakelake angosowa.

Mayi Le Guin anadzafotokoza pambuyo pake kuti ankadziwa kuti payenera kukhala buku lachinayi la Tenar, ndipo analiyamba, koma linakana kuyenda. Ankadziwa zimene Tenar anachita: sanakhale mfumukazi kapena wamatsenga, anakwatiwa ndi mlimi. Chimene sankadziwa ndi chifukwa chake, komanso mmene angalembere moyo wotero m'chilankhulo cha ngwazi chimene anamangira dzikolo. Apa ndi pamene olemba ambiri amagwera. Dziko lilipo kale, mapu alipo, owerenga alipo, ndipo n'chapafupi kupeka mdani watsopano woopsa kuposa woyamba, n'kutumiza ngwazi paulendo wina. Buku lotero likanagulidwa. Iwo anaika pepalalo pambali.

Zaka zotsatirazo sanakhale manja lende. Mu 1974 anatulutsa The Dispossessed, nkhani ya katswiri wa sayansi wochokera kudziko lopanda boma ndi lopanda eni chuma, ndipo bukulo linalandira mphoto za Hugo ndi Nebula monga linachitira The Left Hand of Darkness. Anabwerera ku Orsinia ndi Orsinian Tales mu 1976 ndi Malafrena mu 1979. Mu 1985 anatulutsa Always Coming Home, buku losimba za anthu a m'tsogolo a chigwa china cha ku California, lodzaza ndi nyimbo zawo, maphikidwe, miyambo ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Bambo awo, Alfred Kroeber, anali katswiri wofufuza chikhalidwe cha anthu, ndipo m'buku limeneli mwana wawo anaphunzira kuyang'ana mudzi wonse m'malo moyang'ana munthu mmodzi wonyamula lupanga. M'zaka zomwezo ankawerenga olemba aakazi ndi kulingalira zimene gulu lomenyera ufulu wa amayi linkanena. Mu 1986 analemba nkhani yaifupi yonena kuti chida choyamba cha munthu mwina sichinali mkondo, chinali chotengera, thumba lotoleramo chakudya, ndipo nthano nayo ikhoza kuumbidwa ngati chotengera chosunga anthu ndi zinthu zawo. Aliyense mwa mabuku amenewa anali kuwapatsa chida chimene chinkasowa pa buku la Tenar. Akuluakulu amati mawu amakoma akagonera, ndipo nkhani ya Tenar inagonera zaka 18.

Tehanu, buku lachinayilo, likuyamba ndi mayi wamasiye. Tenar tsopano ndi munthu wamkulu wokhala ku Gont, mwamuna wake Flint wamwalira, mwana wake wamkazi anakwatiwa, wamwamuna ali panyanja. Anthu a m'mudzi amamudziwa ndi dzina lakuti Goha, mlendo wa khungu loyera wodziwa kusamala pakhomo. Mnzake abwera kudzamuitana mothamanga: anthu ena oyendayenda amenya kamtsikana, akachita zachipongwe, n'kukakankhira pamoto. Theka la nkhope lapsa, diso limodzi lafa, dzanja limodzi lapuwala. Tenar akatenga n'kukatcha Therru.

Taonani chimene wolemba wachita m'masamba oyambirirawo. M'dziko limene anthu amasanduka mbalame ndi kuitana mphepo, wowerenga amayembekeza kuti wina abwera kudzachiritsa mwanayo. Palibe abwera. Zipserazo zikhala mpaka tsamba lomaliza, ndipo anthu pamsewu amatembenuza nkhope akakumana naye, ena amachita chizindikiro chothamangitsa tsoka ngati kuti wolakwa ndi mwanayo. Mabuku atatu oyamba ankafunsa mmene munthu wamphamvu angagwiritsire ntchito mphamvu zake bwino. Ili likufunsa mmene amakhalira anthu amene alibe mphamvu iliyonse, m'dziko lomwelo, pansi pa malamulo omwewo.

Luso lalikulu la bukuli lili pakuti Mayi Le Guin sanafufute kanthu kalikonse ka m'mabuku akale. Roke ndi yomweyo, mwambi wonyoza akazi uja ulipobe, zonse zimene Ged anachita zinachitikadi. Chimene anasuntha ndi malo amene wowerenga waima. Kale tinkaima pambali pa Ged, m'bwato lake, m'bwalo la aphunzitsi. Tsopano taima pakhomo pa khitchini, ndipo zinthu zomwezo zikuoneka mwina. Chitsanzo chomveka bwino ndi imfa ya Ogion, mphunzitsi woyamba wa Ged, munthu wofatsa amene anasunganso Tenar atangofika ku Gont. Pomwalira, amene ali pambali pake ndi Tenar, ndipo ndi iye amene nkhalambayo imuuza dzina lake lenileni. Kukacha afika amatsenga awiri aamuna kudzakonza maliro, akudandaula kuti mkuluyo wapita osasiya dzina. Tenar awauza, koma mawu ake sawalowa m'makutu msanga chifukwa wanena ndi mkazi. Palibe ulaliki pamenepo. Lamulo la mayina limene tinalikonda m'buku loyamba ndi lomwelo likutionetsa amene amamvedwa ndi amene samvedwa.

Kenako Ged afika. Mathero a The Farthest Shore anasiya nkhani ziwiri za kumene iye anapita, ina ya m'nyimbo zotamanda ngwazi, ina ya anthu a ku Gont. Wolemba anasiya khomo limenelo lotsegula mu 1972, ndipo mu 1990 analowera pomwepo. Kalessin atera paphompho la m'mbali mwa nyanja, pamsana pake pali munthu wotsala pang'ono kufa. Tenar ayang'ana chinjokacho m'maso, chinthu chimene amuna amachenjezedwa kuti asachite, kenako amutsitsa Ged, ndipo ndi thandizo la amayi anzake amufikitsa m'nyumba. Zimene nyimbo zinatcha kubwerera kwa ngwazi, kwa amayiwa ndi ntchito yonyamula wodwala, kumusambitsa ndi kumumwetsa msuzi. Ged akachira apezeka munthu wamanyazi, wosadziwa kuti iye ndani popanda matsenga. Amithenga a mfumu akabwera kudzamuitanira ku mwambo wolonga ufumu, iye athawa, n'kukalembedwa ganyu yoweta ziweto kumapiri, ntchito imene anayambira ali mwana. Usiku wina anthu amene anazunza Therru abwera kudzathyola nyumba ya Tenar, ndipo mkulu wa amatsenga wakale uja ateteza banjalo ndi chifoloko chotolera udzu. Ndimakhulupirira kuti Ged wa chifoloko ameneyu ndi wolimba mtima mofanana ndi uja anawoloka dziko la akufa, ndipo wolemba anafunika zaka zonse zija kuti athe kumulemba popanda kumunyoza kapena kumumvera chisoni chopitirira.

Mawu nawo anasintha. Ziganizo za mabuku oyamba ndi zazitali, zoyenda ngati mafunde, zotchula mayina a zilumba ndi mafumu. Za mu Tehanu ndi zapafupi, zodzaza ndi zinthu zogwirika: mbuzi yothawa m'khola, nsalu yosokera diresi la mwana, njere ya pichesi imene Therru abzala pafupi ndi nyumba ya Ogion. Nzeru zakuya za bukuli zimatuluka pamene Tenar ndi Moss, nkhalamba yodziwa mankhwala ya m'mudzimo, akhala pansi manja ali pa ntchito, akukambirana kuti mphamvu ya mwamuna ndi yotani ndipo ya mkazi ndi yotani. Moss ndi wauve, wa zikhulupiriro zosakanikirana, ndipo Tenar savomereza zonse zimene iye amanena. Wolemba sanasandutse mayi wa m'mudzi kukhala mngelo pofuna kubweza mangawa a m'buku loyamba. Anamupatsa nthawi yolankhula, ndipo anatisiya tiweruze tokha.

Pali malo ena amene amapweteka kuposa a matsenga onse. Spark, mwana wamwamuna wa Tenar, abwera kuchokera kunyanja. Mwa lamulo la kumeneko munda ndi nyumba ndi zake. Akhala pansi kudikira kuti amupatse chakudya, mbale azisiya pomwepo kuti mayi ake atsuke, ndipo Tenar azindikira kuti analera yekha mwana amene samuona ngati munthu. Aliyense amene anaonapo mayi wamasiye akutuluka m'nyumba imene anaisamala zaka zambiri adzaimva ndime imeneyi mumtima. M'nthano za mayiko opeka choipa chimakonda kubwera ndi gulu lankhondo. Muno chabwera ndi mwana wa m'nyumba momwemo, wosakwiya n'komwe, wongotenga chimene mwambo wamupatsa.

Chinjoka chimabwerabe pamapeto. Wamatsenga wina wodana ndi Tenar amulodza pamodzi ndi Ged n'kuwatsogolera kuphompho, ndipo amene awapulumutsa ndi Therru, poitana Kalessin m'chilankhulo chakale chimene palibe anamuphunzitsa. Chinjokacho chimutcha mwana wake, ndi dzina lake lenileni, Tehanu. Ena amati mathero amenewa ndi achangu, ndipo n'zoona kuti amachitika m'masamba ochepa. Koma wowerenga mwachidwi adzapeza kuti anakonzedwa kuyambira pachiyambi, pamene Tenar akusimbira mwanayo nthano ya mayi wina wa ku Kemay amene anali munthu komanso chinjoka. Moto umene unamuwononga mwanayo ndi moto wa mtundu wake zakumana, komabe nkhope yake sinachire, ndipo iye asankha kutsala ndi anthu awiri okalamba amene amamufuna.

Bukuli linalandira mphoto ya Nebula, koma linagawanitsa owerenga. Ena amene anakula ndi Ged anamva ngati alandidwa ngwazi yawo. Mayi Le Guin anayankha mu 1992 m'nkhani imene anakamba ku Oxford, imene inasindikizidwa ndi mutu wakuti Earthsea Revisioned, momwe anafotokoza poyera kuti mabuku oyamba anawalemba motsata mwambo wa nthano za amuna, ndipo lachinayi analilemba ndi maso a mkazi. Pachikuto cha Tehanu analembapo kuti limeneli ndi buku lomaliza la Earthsea. Patatha zaka 11 anatulutsa ena awiri m'chaka chimodzi cha 2001, ndipo muyeso wawo unali womwe uja. Tehanu inasiya mafunso awiri: n'chifukwa chiyani akazi anatsekeredwa kunja kwa Roke, ndipo pali ubale wanji pakati pa anthu ndi zinjoka? Tales from Earthsea inabwerera m'mbuyo n'kupeza kuti amayi anali m'gulu la oyambitsa sukuluyo, kenako anachotsedwamo. The Other Wind inayang'ana chinthu chimene chinalipo kuyambira buku loyamba, dziko louma la akufa lokhala ndi mpanda wamiyala, kumene mayi ndi mwana amadutsana osadziwana. Kudzera mwa Alder, munthu wamba wokonza zinthu zosweka amene mkazi wake womwalira amamuitana m'maloto, tiphunzira kuti malo owawa amenewo anawamanga ndi amatsenga akale pofuna moyo wosatha. Mpandawo ugwetsedwa. M'buku lonseli Ged ali kwawo, akusamala mbuzi ndi mitengo ya zipatso, ndipo ntchito yaikulu agwira ndi ena.

J. R. R. Tolkien anakumanapo ndi mphambano yofanana. Atamaliza The Lord of the Rings anayamba nkhani yotsatira yotchedwa The New Shadow, analemba masamba pafupifupi 13, n'kuisiya ataona kuti ikanangokhala nkhani ya ziwembu yosawonjezera kanthu. Iye anaona kuti khomolo silipita kulikonse ndipo analitseka. Mayi Le Guin anaona kuti lawo likupita kwina kwake koma miyendo yawo sinakhwime, ndipo anadikira. Onse awiri anakana kulemba buku chifukwa chongoti anthu akulifuna.

Wolemba amene ali ndi nkhani zingapo zomuitana angatengepo njira yogwirika pa ntchito ya mayiwa. Awerengenso mabuku ake akale ngati kuti analemba ndi munthu wina, afufuze munthu amene anangosowa pakati pa nkhani, mwambi umene palibe anautsutsa, malo amene anawalandira osafunsa amene anawamanga. Akapeza, adzifunse moona ngati lero angathe kulemba zimenezo. Ngati sangathe, alembe buku lina limene lingamuphunzitse. Mayi Le Guin anamwalira mu Januwale 2018 ali ndi zaka 88, ndipo chaka chomwecho mabuku onse a Earthsea anatuluka m'chikuto chimodzi, ndi zithunzi za Charles Vess. Wowerenga amene ayamba tsamba loyamba mpaka lomaliza amaona munthu mmodzi akukula pa zaka 50, akubwerera kudziko lake nthawi iliyonse imene waphunzira kanthu katsopano, ndipo palibe buku ngakhale limodzi mwa asanu ndi limodziwo limene likubwereza linzake.